Dzina la Ababa pa Mwala wa Omira

Port Saline, Mississippi
9 Febuluwale 1988

Dinko mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Nashville kumeneko, iwe ndi mkazi wako amene sindinamuonepo ndi maso. Ife kuno tilipo. Kalata ya pa Khirisimasi sunayankhe, ya pa Pasaka chaka chatha sunayankhenso, koma ndalembanso. Kuuma mutu tinatengera kwa munthu mmodzi.

Ndiyambe ndi ababa. Chiwagwireni sitiroko ija, zaka zinayi tsopano, sapitirira pakhonde. Dzanja lamanja linafa, mawu amatuluka mokoka, koma mutu uli bwinobwino, amandikalipirabe ndikachepetsa mchere. Sabata yatha dokotala anandikokera pambali n'kundiuza kuti mtima watupa, tisawerengere Khirisimasi ina. Ababa sindinawauze, koma akudziwa. Ayamba kufunsa za iwe, chinthu chimene sanachitepo chichokere iwe zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo. Safunsa molunjika ayi. Amangoti, kodi basi ya ku Nashville imadzerabe ku Mobile?

Nkhani yachiwiri ndi yakuti mzinda wathu wapenga nawe. Pakhoma la fakitale yakale ya ayezi ajambulapo anthu otchuka amene anabadwira kapena kukulira kuno. Afufuzafufuza apeza anayi basi: wankhonya uja Cleophus Batiste, mayi wina wolengeza zanyengo pa TV, wampira wina amene anangokhala kuno miyezi isanu ndi itatu ali pabere, ndi iwe. Iwe ndiye wamkulu kuposa onse, mutu wokha kutalika ngati chitseko, ndipo akupatsa chibwano chimene ulibe. M'munsi alemba kuti: Dean Raddick, mwana wa msodzi amene nyanja inamutenga. Ndimadutsa pamenepo m'mawa uliwonse popita kukasenda nkhanu, nditangomaliza kumusambitsa msodzi ameneyo ndi kumukazingira mazira.

Dzina lachilendo limene unadzipatsalo ndinalipirira. Nyimbo yako ija ya boti la bambo limene silinabwerere ndaipirira zaka khumi. Zimene umauza a m'magazini, zoti ababa anamira pa namondwe wa 1969, ndazipiriranso. Akuluakulu a kuno akudziwa kuti linamira ndi boti lokha, lili chomangidwa padoko, eni ake ali padenga la nyumba pamodzi ndi ife. Koma akuluakuluwo akutha. Padoko padzaza anthu atsopano, ansembe ndi atsopano, ndipo munthu akapanda kuoneka panja zaka zinayi anthu amangoti anapita. Nyimboyo ikamveka pa wailesi ababa amakweza. Ikatha amati boti linamiradi, basi n'kutembenukira kukhoma.

Tsopano ndamva kuti a komiti akuitana pa mwambo wodalitsa maboti mu Juni, kuti udzawerenge mayina a omira ndi kuponya nkhata m'madzi, ndipo ati wavomera. Nkhata ija amaponya ndi mwana wa womira, Dinko, zimenezi ukuzidziwa. Belu limene limalira kamodzi pa dzina lililonse ankaliza ndi ababa, zaka makumi awiri ndi ziwiri, mvula kapena dzuwa.

Bwera, ndikufuna ubwere. Koma anthuwa uwauze zoona tsikulo lisanafike, ndipo ulowe m'nyumba muno uwaone bambo ako akadapuma. Ndiyankhe.

Ndine mlongo wako,
Verna


Nashville, Tennessee
1 Malichi 1988

Okondedwa Mayi Verna Ladner,

Zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. A Dean Raddick amalandira makalata ambirimbiri sabata iliyonse ndipo sangathe kuyankha aliyense payekha, koma amasangalala kumva kuti nyimbo zawo zikukhudza mitima, makamaka ya mabanja amene anataya okondedwa awo panyanja. Landirani chithunzi chawo chosainidwa. Musaphonye kudzawaona ku Port Saline, kwawo kwenikweni, Lamulungu pa 5 Juni.

Ndine wanu,
Patsy Kilgore
wa mu ofesi ya a Dean Raddick


Port Saline
11 Malichi 1988

Dinko,

Moni ndikukupatsa chifukwa malemu amayi anatiphunzitsa, osati chifukwa ndikufuna. Usandifunse kumene ndapeza adiresi ya kunyumba kwakoyi.

Ine Verna, amene ndinakusintha matewera, kunditumizira chithunzi chosainidwa! Ati mabanja amene anataya okondedwa awo panyanja. Ndinawerenga nditaima pa bokosi la makalata, ndikukalipa ndekha mokweza, mpaka Mayi Tran oyandikana nafe anatuluka kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinafuna kuchiponya pamoto chithunzicho, koma ababa anali ataona kale envulopu ya ku Nashville ali pakhonde. Anangotambasula dzanja lamanzere. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati wanenepa, ndipo mano amenewo si ako.

Pano chili pamwamba pa wailesi, achitsamiritsa pa botolo la mankhwala. Akuganiza kuti unawatumizira ndiwe, ndi manja ako, ndipo ine mtima wowauza zoona ndalephera kuupeza. Waona? Bodza lako layamba kundilowa ndi ine.

Miyendo yawo yayamba kutupa, nsapato sizikulowa. Dzulo anandifunsa ngati kuseri kwa chithunzi kunalembedwa kanthu, ati maso awo sakuona bwino. Ndinati ayi. Anati nditembenuzebe ndionetsetse.

Sindikufuna chithunzi, sindikufuna maluwa, sindikufuna kalata ya mtsikana wa mu ofesi. Tenga cholembera undiuze ngati ubwera kunyumba kuno, ndiponso ngati uchotsa dzina la ababa pa nkhani ya omira. Undiuzenso ngati mkazi wako ali bwino, poti mwina iye ali ndi mtima wa munthu.

Verna


Nashville
12 Epulo 1988

Achemwali,

Moni, ndipo ndikhulupirira ntchito ikuyenda. Ndalandira kalata yanu yachiwiri, yoyamba ija ndakaifukula m'thumba la makalata ku ofesi. Pepani za chithunzi. Atsikana a ku ofesi sadziwa kuti ndili ndi mlongo, ndipo wolakwa pamenepo ndine. Mwafunsa za mkazi wanga. Anachoka mu Januwale, m'nyumba muno ndili ndekha.

Mukuti ndi bodza. Chabwino, ndi bodza. Koma tsiku limene ndinachoka inu munali ku fakitale, simunaone. Ndinawauza ababa padoko kuti sindikweranso boti, ndikupita kukaimba. Anatenga gitala yanga n'kuiponya m'madzi, asodzi onse akuonerera, ndipo anati kuyambira lero alibe mwana wamwamuna, kwa iwo ndafa. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Patapita zaka zisanu, munthu wa pa wailesi anandifunsa za bambo anga. Ndinati boti lawo linamira pa namondwe, osawonjezera kuti iwo anapulumuka. Iye anati pepani, mzimu wawo uuse mumtendere. Sindinamukonze. Kunena zoona, achemwali, ndinamva kukoma. Mawa lake nkhani inali m'nyuzipepala, kenako panabwera nyimbo, kenako nyumba ino ndi mano mukunenawa.

Pano si chinthu chongovula ngati jekete. Ndikamaliza kuimba, amayi amasiye amandidikirira pakhomo, kundigwira manja, kundionetsa zithunzi za amuna awo amene sanabwerere. Ndiwauze chiyani? Kuti ndakhala ndikuwaliritsa zaka khumi chifukwa cha munthu amene akudya mazira ku Port Saline? Komanso pali mabanja a anyamata oimba nawo, oyendetsa basi, onse amadya chifukwa cha dzina la Dean Raddick. Ndikagwa ine tagwa tonse.

Ku mwambowo sindinafune kubwera. Anavomera ndi a ku ofesi, ndipo a TV alowererapo kale. Ndiye ndikupemphani chinthu chimodzi. Tsiku limenelo ababa akhale kunyumba, makatani otseka. Mwambo ukatha, a TV akachoka, ndidzabwera ndekha kudzera khomo lakuseri, ngati iwo angandilole kulowa. Pamenepo ndiye sindikudziwa. Inu mukuti amafunsa za basi. Munthu amene ndikumudziwa ine sankafunsa za basi, ankangodikira kuti ufike pamene dzanja lake lingakupeze. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu, anthu amaimirira ndikalowa m'holo, koma ndikaganiza za kuima patsogolo pa ababa ndimasanduka kamnyamata ka padoko kaja.

Pa 10 Meyi ndinyamuka ulendo woimba m'mizinda, ndipo kunyumba kuno sindibwererako mpaka Ogasiti. Ku Port Saline ndidzafika kuchokera ku Texas. Mukafuna kuyankha, yankhani msanga.

Ndine mlongo wanu,
Dinko


Port Saline
2 Meyi 1988

Dinko,

Moni. Kalata yako ndaiwerenga katatu, ndipo ababa sindinawawerengere. Za gitala ndikuzidziwa, mzinda wonse unazikamba. Ine anandiwomba mbama pa tsiku la ukwati wanga chifukwa chokwatiwa ndi wa kwa Ladner, koma sindinapite kukawapha m'nyuzipepala.

Poona kuti iwe sunena zoona, ndinapita ndekha kwa a Alcide Moreau, apampando a komiti. Munthu amene anapha nsomba ndi ababa kuyambira ali anyamata, amene wadya gumbo, msuzi wathu uja wa nkhanu ndi therere, patebulo pathu kosawerengeka. Anatseka chitseko, anandithirira khofi, n'kuyamba kuyankhula monong'ona ngati tili m'tchalitchi. Ati akudziwa, aliyense wa imvi mumzinda muno akudziwa. Koma mafakitale awiri atsekedwa chaka chino, achinyamata akuthawira ku Houston, ndipo aka n'koyamba kuti mahotela adzaze ndi a TV abwere. Mapepala a mayina anasindikiza kale, la ababa lili pansi pa la mchimwene wawo Pero, amene anamiradi. Ati bambo athu a Vlaho ndi munthu wa nyanja, amvetsa, ndi tsiku limodzi lokha. Ndinawafunsa kuti nanga mwala uja wa padoko, si paja dzina likawerengedwa pamwambo amalisema pamenepo? Anayang'ana pawindo. Khofi wawo ndinamusiya osalawa.

Nditabwerera kunyumba ndinawauza ababa zonse, osabisa. Ndimayembekezera kuti aphwanya mbale. Anangofunsa kuti mayinawo adzawerenga ndani. Ndinati Dinko. Anati, ndi pakamwa pake? Ndinati eya. Anati ndiwachapire suti yakuda ija.

Ndiye za makatani otseka iwala. Ababa si chimbudzi chakuti alendo akabwera tikokere chitseko. Ndidzawakankha pa njinga yawo ya olumala mpaka kutsogolo kwenikweni, ndipo ukadzafika pa dzina lawo udzalitchula akukuyang'ana m'maso. Chimene adzachite sanandiuze. Koma ndi bambo ako, ukuwadziwa, ndipo ine sindidzawagwira.

Uli ndi mwezi wathunthu woti ukonze zinthu.

Verna


Port Saline
16 Meyi

Mwana wanga Dominik, Dinko wanga,

Ndine bambo ako. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, upirire zilembo. Verna sakudziwa. Adiresi ndakopera pa envulopu yako, wamtengatenga aitengera pakhonde.

Ndamva zonse. Usaope. Padoko ndidzabwera koma sindidzayankhula kanthu, ndipo Verna ndidzamuletsa. Ntchito yako isaonongeke chifukwa cha nkhalamba ya miyezi yochepa. Ndinayamba ndine kukupha, padoko pomwepo, ndi pakamwa panga. Iwe unangobweza. Zatha.

Ndikungofuna kumva mawu ako osadzera mu wailesi. Ukadzafika pa dzina langa usathamange. Ulitchule lonse monga ankatchulira agogo ako, Vlaho Radetich. Papita nthawi sindinamve dzina lathu pakamwa pako. Ndikadzavula chipewa udziwe kuti palibe mlandu.

Ukamaliza ubwere kunyumba. Khomo lakutsogolo kapena lakuseri, lililonse. Verna adzaphika gumbo.

Nyimbo ija ndi yabwino, koma unalakwitsa. Boti lathu linali lobiriwira, osati loyera.

Bambo ako


Port Saline
8 Juni 1988

Dinko,

Ndikudziwa kuti kalatayi uipeza mu Ogasiti, koma ndikapanda kulemba ndiphulika. Iwe unaona tsiku lija uli pamwamba pa nsanja. Ndikuuze mmene linaonekera pansi.

Ababa anadzuka okha, anameta okha ndi dzanja lamanzere, kudzicheka pawiri. Suti inawakhwepa ngati yobwereka. Nsapato zinakana, ndinawaveka masilipasi. Tili panjira anandigwira pamkono, mphamvu zija sindikudziwa anazitenga kuti, n'kunena kuti, "Ukatsegula pakamwa lero, ndiye kuti ndatsala wopanda mwana." Ine ndinali nditakonzeka kukuwa mpaka a TV amve. Ndinameza.

Tikudutsa m'khamu, akuluakulu onse ankayang'ana kumbali ngati tanyamula matenda. A Moreau atationa nkhope inachita kuyera. Mtsikana wina wa komiti anatiimitsa mwaulemu, ati mipando yakutsogolo ndi ya mabanja a omira okha. Ababa anaseka mpaka kutsamwa. Ndinamuuza mtsikanayo kuti amalume athu a Pero ali pa mndandanda, ndipo anatipatsa malo.

Maboti anadutsa ndi mbendera zawo, ansembe anawaza madzi, kenako unatulukira iwe ndi suti yoyera. Ababa anaweramira kutsogolo mpaka ndinawagwira paphewa kuti asagwe. Unayamba kuwerenga, belu likulira kamodzikamodzi. Unationa uli pakati pa mayina, usakane. Unatchula Pero Radetich, belu linalira. Kenako unaima pa dzina lotsatira, anthu akuganiza kuti chisoni chakugwira. Ine mumtima ndinati Mulungu muthandizeni mwanayu, alumphe dzinali, atsike, awagwire dzanja. Koma unalitchula, pang'onopang'ono, lonse. Belu linalira.

Ababa anavula chipewa n'kuchiika pachifuwa. Mbali ya nkhope yawo imene imagwira ntchito inali kumwetulira. Anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Walitchula bwino." Mayi amene anakhala pafupi nafe ankalira, anawasisita ababa pamsana, ati kodi nanunso munkawadziwa malemuwo? Ababa anati pang'ono.

Iwe unaponya nkhata, unaimba nyimbo yako osayang'ananso kumene tinali, ndipo anthu anaomba m'manja mpaka mbalame kuthawa. Ababa sanafune kudikira zina, ati tifulumire, mwana asatipeze chakudya chisanapse. Ine sindinamvetse kuti chikhulupiriro chimenecho achitenga kuti, koma ndinaphika. Mbale zitatu patebulo. Anandiuza ndiwaike pakati pa chipinda chochezera, poonekera makomo onse awiri, ali chivalire suti.

Cha m'ma folo Mayi Tran anabwera kudzandinong'oneza kukhitchini kuti basi yako yaikulu ija inatuluka kalekale, yalowera msewu wa ku Mobile. Ababa anamva. Anati basi ndi basi, mwina mwanayo watsika, akuzungulira kuseri. Anadikira mpaka dzuwa kulowa. Gumbo sanalawe, ndipo mbale yako anakana kuti ndichotse.

Ndinakulera, Dinko, ndinakubisa kuseri kwa siketi yanga ababa akakwiya. Lero ndikukuuza kuti ndikudana nawe, ndipo zikundipweteka kuti ndi zoona.

Verna


Nashville
15 Ogasiti 1988

Ababa,

Moni. Ndafika kunyumba dzulo ndipo ndapeza kalata yanu pansi pa mulu wa mapepala, yakhala pamenepo miyezi itatu. Ndaiwerenga nditakhala pansi pakhomo, chikwama chili paphewa.

Sindinadziwe, ababa. Nditakuonani kutsogolo kuja ndinaganiza kuti mwabwera kudzandivula pamaso pa anthu, monga tsiku la gitala. Mutavula chipewa ndinati basi, akuonetsa nkhope kuti onse awazindikire, tsopano aimirira. Nyimbo ija ndinaimba osadzimva. Nditatsika ndinauza woyendetsa kuti tiyeni, osaima paliponse. Tinadutsa pa mphambano ya kwathu, ndinaona denga la nyumba, ndinabisa nkhope ngati mbala.

Mukuti munayamba ndinu. Inu munanena kamodzi mutapsa mtima, ine ndanena usiku uliwonse zaka khumi, anthu akundiombera m'manja. Si zofanana.

Ndikubwera Loweruka pa 27, pa basi wamba yodzera ku Mobile, ndekha. Za ku ofesi ndi za nyuzipepala sindikudziwa kuti ndiyambira pati, mwina mudzandiuza inu. Achemwali akandithira madzi otentha pakhomo ndilandira. Muwauze aphike gumbo ija.

Boti ndikulikumbukira kuti linali lobiriwira, ndinkalipaka penti ndine. Mawu oti loyera ndi amene anakwana bwino m'nyimbo.

Ndine mwana wanu,
Dominik Radetich


Port Saline
20 Ogasiti 1988

Dinko mlongo wanga,

Moni. Kalata yako yafika Lachinayi, ndipo ndaitsegula ine, chifukwa mwini wake kulibe. Ababa anatisiya pa 29 Julayi m'mawa, ali pa mpando wawo, wailesi ikuyankhula zanyengo.

Ndinaimba foni ku ofesi kwako kanayi. Kawiri anandiuza kuti ndisiye uthenga. Kachitatu ndinanena momveka kuti ndine mlongo wako ndipo bambo ako amwalira. Mtsikanayo anati, "Mayi, bambo a Dean Raddick anamwalira mu 1969, chonde musatiimbirenso." Kachinayi anangomva mawu anga n'kudula. Sindikumuimba mlandu, ananena zimene unamuphunzitsa.

Pamaliro tinalipo khumi ndi mmodzi. Akuluakulu ambiri anachita manyazi kubwera kudzaika munthu amene anamulira kale mu Juni pa TV. A Moreau anaima kumbuyo, chipewa m'manja, ndipo anachoka tisanathire dothi. Belu la padoko salizira munthu wofera pamtunda, koma ababa lawo analandiriratu.

Dzina analisema pamwala kumayambiriro kwa Julayi. Ababa atamva anati ndiwakankhe akaone. Analisisita ndi chala, chilembo chimodzichimodzi, n'kunena kuti awaika pabwino, pafupi ndi Pero. Pobwerera anafunsa ngati wamtengatenga wadutsa kale. Ankafunsa tsiku lililonse, ndipo ine ndinkawakalipira, ndimvekere mukudikira kalata ya ndani, munthu woti anakuthawani masanasana? Sindinadziwe kuti anakulembera. Ndadziwira m'kalata yakoyi. Ukanakhala kuti unandiuza za ulendo wako pa pepala loti ndingawawerengere, kapena ine ndikanawawerengera ngakhale mzere umodzi umenewo, sakanatumiza kalata kunyumba yopanda munthu.

Ndipo pali china chimene chikundidya. Amene anakuuza kuti ababa akubwera kudzakuchititsa manyazi ndine. Iwo anangoti ndiwachapire suti, zinazo ndinawonjezera ndekha chifukwa cha ukali wanga. Ndinafuna uchite mantha, ndipo unachitadi mantha. Mu Juni ndinalemba kuti ndikudana nawe. Sindikufafaniza, koma dziwa kuti tsopano tili awiri amene ndikudana nawo.

Dzulo ndinapita kumanda ndi kalata yako, ndinawawerengera yonse mokweza, mpaka za penti. Pa dzina limene unasaina ndinabwereza kawiri.

Loweruka bwera ndithu, ndikakuchingamira ku basi. Madzi otentha sindikuthira, ndatopa. Maluwa ukabwera nawo udzasankha wekha kokawaika, poti bambo ako ali malo awiri: padoko alemba 1969, kumanda alemba 1988. Gumbo ndiphika, mbale yako ikadali patebulo.

Ababa anakuuza kuti khomo lililonse. Iwo anali ndi mtima umenewo kumapeto, ine ndilibe. Udzadzere lakutsogolo, masana, anthu akuona, ndipo amene akakufunse panjira udzamuuze kuti wabwera pa maliro a bambo ako amene anamwalira mwezi watha. Lakuseri ndalikhomerera ndi misomali.

Ndine mlongo wako,
Verna